Petulo wotchipa ku Zomba kuno ndingamupeze pati?

"Bambo makaniko, ndine mtsikana wa chaka chachitatu ku Chanco, ndimakhala ku Matawale kwa azakhali anga. Achimwene anga popita kunja anandisiira ka Vitz, poyamba ndinkanyadira koma pano kakundithera ndalama yonse ya upkeep, sabata isanathe geji yagona kale. Anzanga ena akuti ndizikamwetsa ku Liwonde kapena ku Limbe ati mafuta akumeneko amakhalitsa, ena akuti pali anyamata a zigubu amene amabweretsa a ku Mozambique otsikirako mtengo. Kodi ku Zomba kuno petulo wotchipa amapezeka pati? Kapena kagalimotoka kali ndi vuto? Kugalaja ndikuopako chifukwa akangoona mtsikana amatchula mtengo wa kumwamba."

Achemwali, mtima pansi kaye. Funso lanuli silachilendo, semesita ikangofika pakati upkeep itayamba kupuma wefuwefu ndimalimva kwa ana a sukulu, kwa malekichala achinyamata amene angogula kumene galimoto, olo kwa azibambo a yunifomu amene. Ndipo pa zomwe mwafotokozazi sindikuonapo chizindikiro choti ka Vitz kanu kali ndi matenda aakulu, mwina timavuto ting'onoting'ono tongofuna diso. Koma ndiyambe ndi nkhani yosakomayo: filling yotchipa ku Zomba kulibe. Ku Liwonde kulibenso, ku Limbe chimodzimodzi.

Mtengo wa mafuta m'dziko muno saika ndi mwini filling ayi, amalengeza ndi a MERA, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2004 loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo akalengeza mtengowo umakhala umodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Pa malamulo ndi mtengo woti munthu asapyole, kutsitsa atha kutsitsa akafuna, koma phindu la mwini filling pa lita nalonso anachita kumuyezera ndipo ndi lochepa, nde palibe amene angadzipweteke yekha kuti akusangalatseni inu. Pitani pa Puma, pitani pa TotalEnergies, pa Petroda, manambala a pa pampu mupeza omwewo. Kuzungulira tauni kusaka yotchipa kuli ngati kuyendera ma ejenti kufuna mayunitsi a K1,000 ogula K900. Zomwe mumaona pa intaneti za ku America kapena ku UK zoti pali app yokuuza kuti pakona yakuti mafuta atsika, kumeneko zimatheka chifukwa aliyense amaika mtengo wake, kwathu kuno app yotero ingangokutherani bandulo.

Kudulako kuli ndi zifukwa zake. Ife tilibe doko, mafuta onse amachita kukwera thanka kapena sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ogula ake akuluakulu ndi a NOCMA ndi a Petroleum Importers Limited ndipo amalipira madola, osati makwacha. Pamwamba pake pamakwera ndalama ya misewu, ya magetsi a kumudzi, ya thumba lothandizira kuti mtengo usamangodumphadumpha, ndi zina. Kuyambira 2012 pali ndondomeko yoti mtengo wofikitsira mafuta muno ukasintha kupyola 5 peresenti, wa pa pampu nawo uunikidwenso, olo kuti nthawi zina aboma amaugwira dala osaukweza, ndipo akaugwira nthawi yaitali madola akusowa mpamene timayamba kugona pamizere. Mukumbukire November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 usiku umodzi. Ndiye kuti kusintha kwa mtengo kumabwera ndi chilengezo, dziko lonse kamodzi, sikudalira kuti mwaima pa filling iti.

Tsopano iyi ya anzanu yoti mafuta a ku Limbe kapena ku Liwonde amakhalitsa, ndimaimva kwambiri ndipo sikuti akunama dala, akungolakwitsa pomwe akuloza chala. Munthu akamwetsa ku Limbe chotsatira n'chiyani? Amalowa mu M3, injini yatentha bwino, giya yapamwamba, liwiro limodzi kudutsa Njuli, Namadzi, Thondwe mpaka kufika ku Zomba, makilomita 60 ndi kanthu geji yangosuntha pang'ono, basi iye nkumati mafuta a pa filling ija ndi amphamvu. Mafuta omwewo atawathira ku Zomba nkumayenda timaulendo ta mtauni angatukwane filling. Chomwe chasintha ndi msewu ndi kayendetsedwe, mafutawo amachokera m'madepoti omwewo. Ndipo tiyeni tiwerengere limodzi: ku Liwonde kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 100, ka Vitz kakamayenda makilomita 14 pa lita ndiye kuti mwaotcha malita 7 kapena 8, pomwe thanki yake yonse imalowa malita 42. Kuti mungobweza zomwe mwaotcha panjira mafutawo akuyenera kukhala otchipa ndi pafupifupi 20 peresenti, pomwe sali otchipa olo ndi tambala. Mukakhala kuti muli kale ndi ulendo wakumeneko mwetsani, palibe cholakwika, koma kunyamuka dala ayi.

Chomwe chimasiyana pakati pa filling ndi filling ndi kukhulupirika kwa pampu ndi kwa wothirayo. Apa mpofunika kutsegula maso. Tsikani mgalimoto, osangotsitsa windo nkupereka ndalama muli pa WhatsApp. Onani kuti pampu yabwerera pa ziro asanalowetse paipi, chifukwa kachinyengo kodziwika n'kakuti wathira kumene wa kabaza mafuta a K3,000, inu mwafika mwati a K20,000, iye osabweza paipi pamalo pake angopitiriza kuchokera pa 3,000 paja, pampu ikuonetsa 20,000 koma mthanki mwanu mwalowa a 17,000. Kukakhala chipwirikiti cha pamzere, njinga zamoto zikulowerera mbali zonse, zimenezi zimachitika mosavuta. Sindikunena kuti onse amatero, ambiri ndi ana abwinobwino ongofuna kudyetsa makolo awo, koma diso lanu ndi laulere. Yang'ananinso kastika ka a MBS pa pampupo, ndi iwo amene amayeza ngati lita ya pampu ikukwanadi lita, ndipo pemphani lisiti nthawi zonse. Mukakayikira filling ina yake mobwerezabwereza, malisitiwo ndi amene mungapite nawo kwa a MERA kapena a CFTC, bungwe loteteza ogula, dandaulo lapakamwa lokha silipita patali. Chokhacho musagwiritse geji ngati umboni, geji ya Vitz ndi timabokosi tomwe timazima mmene tafunira, kutsogolo kwa galimoto kukangoloza kumtunda kapena kumunsi yasintha kale, nanji ku Zomba koti malo athyathyathya ndi osowa.

Zoti mafuta a mmamawa amakhala ochuluka chifukwa chozizira zisiyeni, thanki za pa filling zili pansi panthaka ndipo kutentha kwake sikusintha kwenikweni pakati pa 6 koloko mmawa ndi masana. Timapilitsi toponya mthanki ndi timaginito tomata pa paipi tomwe amatsatsa pa Facebook, ndalama imeneyo bola mugulire chips.

Tibwere kwa anyamata a zigubu, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndaona anthu ambiri akulira. Choyamba, nthawi zambiri mafuta a m'zigubu sakhala otchipa nkomwe, amaoneka mafuta akasowa ndipo mtengo wake umapyola wa pa pampu, pena kuwirikiza. Ambiri mwa mafutawo sachokera kutali, ndi omwewo a pa filling amene wina anagula usiku kudzera kukhomo lakuseri, kapena opopa m'galimoto za kuntchito ndi m'mathanka. A ku Mozambique aliko ndithu, malire tili nawo pafupi, ku Nayuchi, ku Chiponde, ku Muloza, ndipo mitengo ya mbali ziwirizi ikasiyana mafuta amaoloka, pena kubwera kuno pena kupita uko. Koma inu pogula mulibe njira yodziwira kuti chigubucho chachokera kuti, mukungokhulupirira pakamwa pa munthu amene mawa simumupezanso pamalo pomwepo. Ndipo wina akakuuzani mtengo wotsika kuposa wa pa pampu dzifunseni kuti iyeyo akudya pati, popeza sanabwere kudzachita chifundo.

Amadya pawiri. Poyamba ndi pamuyezo. Kachigubu kaja ka mafuta ophikira kolembedwa malita 5, akakathira madzi otentha kamafota pang'ono, kapena amangokaphwanya m'mbali nkusiya mpata kukhosi, mwakuti mumalowa malita 4 ndi theka. Theka la lita pa malita 5 ndi 10 peresenti, kutchipa kuja kwathera pomwepo. Kachiwiri ndi posakaniza. Palafini ndi amene amakonda kuthiramo, pena dizilo pang'ono, penanso madzi amalowa okha chifukwa cha zigubu zosauma ndi migolo yokhala pamvula. Palafini amafooketsa petulo, injini imayamba kulira ngati muli timiyala mukamakwera mtunda, mapulagi amada, utsi umasintha fungo, mmawa kulira movutikira, ndipo mukapitiriza ma pistoni ndi ma valavu amapsa. Madzi ndiye ovuta mwa mtundu wina. Petulo wa pa pampu kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa wochokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol amakonda madzi, madzi akachuluka amakokana nkukakhala pansi pa thanki pomwe pampu ya mafuta imayamwira. Galimoto imangoti tsemwe tsemwe nkuzima pakati pamsewu. Zinyalala ndi dzimbiri la m'migolo zimatseka sefa ndi ma injekita, tizipangizo topopera mafuta mu injini. Kutsitsa thanki, kuitsuka, kusintha pampu, kutsuka ma injekita, ndalama yake ikhoza kukwana mafuta anu a semesita yonse.

Pa za ethanol yemweyu, ena amati a kunja alibe ethanol nde amayenda mtunda wautali. Zoona ethanol mphamvu yake ndi yochepera ndi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi petulo, koma pa 10 peresenti iliyonse yomwe asakaniza mumataya pafupifupi 3 peresenti ya mtunda basi. Zimenezo sizoti munthu angaikire injini pachiswe.

Ndikudziwa kuti tsiku lina mudzakakamizika, mwina azakhali adwala usiku ndipo filling zonse zauma. Zikatero gulani ochepa ongokufikitsani komwe mukupita. Thirani kaye pang'ono m'botolo loonekera mkati, lisiyeni likhazikike kwa mphindi zingapo, madzi akakhalamo muona mzere pansi, mafuta akakhala a mbuu ngati thobwa losungunula asiyeni. Kenako dontheza dontho limodzi papepala loyera la mkope mwanu nkuliuzira. Petulo weniweni amauma msanga osasiya kanthu, wosakaniza ndi palafini kapena dizilo amasiya banga lamafuta ngati pepala lokulungira mandasi. Pothira sefani ndi kansalu koyera pa fanulo. Kuyeza kumeneku sikugwira chinyengo chilichonse koma kumakupulumutsani ku zoipitsitsa.

China chomwe ndikupempheni ngati mwana wanga, musasunge petulo m'chipinda. Kaya ndi kwa azakhali kaya ndi kuhositelo kwa mnzanu ku Chikanda. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umayenda pansi osaoneka, ukakumana ndi mbaula, kandulo ya nthawi ya blackout kapena hotplate ya mawaya apamtunda ija ana a sukulu mumaphikira, moto umabwerera mpaka pachigubu. Komanso a MERA akhala akuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, apolisi akakupezani nazo amalanda ndipo mutha kugona mchitokosi. Kupopa mafuta ndi pakamwa nakonso ayi. Wina akameza mwangozi musamusanzitse, petulo akalowa m'mapapo ndi pomwe amapha, thamangani naye ku Zomba Central makamaka akayamba kutsokomola kapena kubanika.

Nde petulo wotchipa ali kuti? Ali m'galimoto mwanu momwemo, ndi amene mukuotcha popanda chifukwa. Koma musanakonze chilichonse dziwani kaye kuti kakumwa bwanji, chifukwa "geji yagona sabata isanathe" si muyezo. Njira yabwino ndi kudzadza thanki mpaka pampu itadzidula yokha, kuika trip, kowerengera makilomita a ulendo kaja pa dashibodi, pa ziro, kuyenda mmene mumayendera, kenako kudzadzanso pa pampu yomweyo nkugawa makilomita ndi malita omwe alowa. Ndikudziwa kuti fulu thanki pa ndalama ya mwana wa sukulu ndi maloto, nde chitani chonchi: tsiku lomwe kalaiti ka mafuta kayamba kuphethira lembani makilomita a pa dashibodi, sungani lisiti iliyonse mwezi wonse, tsiku lina kakadzaphethiranso lembaninso, phatikizani malita a pamalisiti onse nkugawa makilomita omwe mwayenda ndi malitawo. Pa ma Vitz omwe amadutsa mmanja mwanga, a injini ya 1.0 ndi 1.3, kabwinobwino kamapanga makilomita 11 mpaka 13 pa lita mtauni, pamsewu wautali 15 kupita mtsogolo. Mukapeza 12 ndiye kuti kalibe mlandu, vuto ndi thumba basi. Mukapeza 8 kapena 9 pali chomwe chikudya.

Ine ndikukayikira kwambiri timaulendo tanuto. Kuchokera ku Matawale kufika ku kampasi ku Chirunga ndi pafupi kwa galimoto, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ochuluka dala, kompyuta imathira owonjezera mpaka madzi a mu injini atatentha. Inu mukamafika pasukulu injini ikungoyamba kumene kutentha, mwazimitsa. Masana mwaliza kupita mtauni kukagula chakudya, yazizira kale. Mwabwerera, madzulo kukasiya mnzanu ku Chinamwali, kenako kunyumba, usiku mwina discussion. Tsiku lonse galimoto yayenda makilomita ochepa koma ulendo uliwonse yayambira pozizira, kuonjezapo mitunda ya Zomba ndi mahampu, nanji mu June ndi July kukamachita chiperoni chija phiri osaoneka. Kayendedwe kameneka ndi kodula kuposa kena kalikonse pa kilomita. Mankhwala ake ndi osavuta ngakhale sakoma: galimoto ikafika pakampasi mmawa ikhale pompo mpaka nthawi yoweruka, za mtauni masana kwerani kabaza kapena yendani ndi anzanu, zogula zonse muziphatikize ulendo umodzi pobwerera. Ndipo mmawa osamaisiya ikulira panja mphindi 15 ati itenthe inu mukudzola, injini za masiku ano theka la mphindi lakwana, nyamukani pang'onopang'ono imatenthera mnjira. Ka injini kakang'ono kakamalira pamalo kamadya pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, kilomita olo imodzi osayenda.

Matayala. Ichi n'chotchipa kuposa zonse koma anthu sachilabadira. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pachipilala pali kastika kolemba mpweya woyenera, muzipopetsa pa muyezo umenewo kamodzi pa masabata awiri matayala asanatenthe, osati kungomuuza mnyamata kuti "ingowonjezerako" iye nkumayeza ndi chala. Tayala lofewa limakoka galimoto ndipo limatha msanga m'mbali. Mukaona kuti likudyeka mbali imodzi kapena siteling'i ikukokera kumodzi, alayimenti yathawa, ndi maenje athuwa sizodabwitsa. Mubuti chotsani katundu wosafunika. AC pa injini ya 1.0 imamveka ndithu, mtauni tsitsani mawindo, muziyatsa pamsewu waukulu kapena mu October dzuwa likalusa. Phazi likhale lopepuka ponyamuka, ndipo mukaona hampu kapena rodibuloko patsogolo chotsani phazi msanga galimoto izidzifikira yokha, chifukwa buleki iliyonse yamphamvu ndi mafuta omwe munagula nkuwataya. Popita ku Blantyre 80 mpaka 90 ndi pomwe kamamwa bwino, mukafika 110 mphepo ndi imene mukulimbana nayo, kuonjeza apo a kamera akudikirani.

Pali chizolowezi china cha madalaivala a Sienta choti potsetsereka amaika pa free ati kusunga mafuta, musatengere. Galimoto za injekishoni ngati yanuyo mukachotsa phazi ili m'giya kompyuta imadula mafuta yokha, matayala ndi amene amazunguza injini, pomwe mukaika pa N injini imafuna mafuta kuti isazime. Ndiye simukupindula kanthu, komanso giyabokosi ya otomatiki sikondwa nazo, ndipo choopsa kwambiri mabuleki okha ndi amene akunyamula galimoto. Tsiku lomwe mwapita kokayenda ndi anzanu ku Ku Chawe, potsika phiri lija ikani pa B kapena giya yotsika, makona aja si oseweretsa, mabuleki akatentha amangolowa pansi.

Mukayeza nkupeza kuti kakumwadi mopyola, zomwe ndimayamba kuona ine ndi izi, ndipo zambiri sizodula. Sefa ya mpweya, itulutseni muiyang'anitse kudzuwa, kuwala kukapanda kudutsa yatha, fumbi la chilimwe silichedwa kuitseka. Mapulagi, ndipo samalani ndi a feki omwe adzadza m'mashopu, bokosi lokongola koma miyezi iwiri afa. Oyilo, injini zing'onozing'ono za ku Japan zimafuna wopyapyala ngati 5W-30 kapena 0W-20, koma ambiri amathiridwa 20W-50 wa minibasi poti ndi amene ali pafupi, injini nkumavutika kuzungulira mmawa uliwonse. Mabuleki ogwira, mukayenda pang'ono yandikizani dzanja pa limu iliyonse, imodzi ikatentha kuposa zinzake ndiye kuti mukuyenda mutaponda buleki osadziwa. Kenako thermostat, kachipangizo kotseka njira ya madzi mpaka injini itatentha. Amakaniko anzanga ambiri galimoto ikangofika kuchokera ku Japan amaichotsa ati kuno n'kotentha, chimenecho ine ndimakana mpaka lero, chifukwa injini imayenera kugwira ntchito madzi ali cha m'ma 85 mpaka 95 digiri, popanda thermostat imachedwa kufikapo kapena osafikapo nkomwe, kompyuta nkumangothira mafuta ngati kukadali mmawa. Pa Vitz pali kalaiti kosonyeza kuti injini ndi yozizira, kakamachedwa kuzima kapena kuyakanso mukamatsetsereka, funsani za thermostat. Funsaninso achimwene anuwo ngati catalytic ya ku ekisozi, ija yoyeretsa utsi, ilipo, zambiri zinachotsedwa nkugulitsidwa, ndipo pochotsapo amaononga kapena kudula waya wa sensa ya oxygen, yomwe imauza kompyuta kuti ichepetse mafuta.

Za kuthira a K5,000 tsiku ndi tsiku kalaiti kakuyaka, ndikumvetsa kuti ndi mmene ndalama imabwerera, koma pampu ya mafuta imakhala mkati mwa thanki ndipo imazizira ndi mafuta omwewo, ikamakhalira kuyamwa pansi sichedwa kupsa. Ndalama yomweyo ya sabata yonse thirani kamodzi, ndipo yesetsani kuti geji isamatsike kupyola kota. Zimathandizanso mafuta akasowa, woti ali ndi kota amasankha mzere modekha, woti ali pa E ndi amene amathera kwa a zigubu. Ku Zomba muziwerengeranso kalendala ya sukulu, sabata ya graduation ku Great Hall tauni imadzadza ndi galimoto za makolo ochokera dziko lonse, chimodzimodzi potsegulira semesita ndi kumapeto kwa mwezi, mwetsani masiku awiri zisanafike. Nthawi ya mizere musamayendeyende kusaka thanka ndi galimoto, lowani m'magulu a WhatsApp omwe anthu amauzana komwe yatsitsa, a MERA nawo akhala akutulutsa ndandanda wa komwe mafuta akupita, ndipo mukaima pamzere zimitsani injini, muzilizanso mzere ukasuntha kwenikweni.

Njira yomwe imaduladi pakati mtengo wa lita ndi kugawana. Ku Matawale ana a Chanco ndi ambiri, pezani awiri kapena atatu odalirika omwe nthawi zanu zamakalasi zimafanana, muzisonkherana ya mafuta Lolemba lililonse, osati kumapeto kwa sabata chifukwa Lachisanu aliyense amakhala ndi nkhani. Muwauze poyera kuyambira tsiku loyamba, manyazi ndi amene amapangitsa mwini galimoto kukhala dalaivala waulere wa kalasi yonse. Koma zikhale za anzanu odziwika, musayambe kuima pasiteji nkumatola anthu, amenewo ndi matola, galimoto yanu si ya nambala yofiira, a traffic akugwirani ndipo itachitika ngozi a inshulansi atha kukana kulipira, osanenanso za chitetezo chanu ngati mtsikana. Ulendo wa ku Blantyre muli nokha, werengerani malita 9 kapena 10 kupita ndi kubwera nkufananitsa ndi mtengo wa minibasi, nthawi zambiri mupeza kuti bola kagalimoto kagone.

Pali zizindikiro zina zoti musadikire nazo mwezi wowerengera uja. Mukamva fungo la petulo mkati kapena mukaona dontho pansi pomwe munaimika, musailize, itanani makaniko abwere pompo. Kalaiti ka check engine kakayaka pitani sabata yomweyo, kakamaphethira injini ikunjenjemera imani. Utsi wakuda, kuzimazima, kapena kutsemwa mutangothira mafuta okayikitsa, lekani kulimbana ndi sitata, mukungokokera zoipazo ku ma injekita, thanki itsitsidwe kaye.

Pa mantha anu a kugalaja, pitani kwa amene ali ndi makina a diagnosis ndipo muwauze kuti mukufuna kuyeza kokha kaye. Akalumikiza jambulani ma code omwe atuluka pafoni panu, tumizani kwa achimwene anu kapena kaonetseni makaniko wachiwiri musanalole kuti amasule kanthu. Mukafika ndi manambala anu, nkunena kuti kakupanga makilomita 9 pa lita, ndayeza mwezi wathunthu, mpweya wa matayala uli bwino, tandionereni thermostat ndi sensa ya oxygen, muona kuti ngakhale kayankhulidwe kawo kasintha. Mtengo mugwirizane ntchito isanayambe, sipeya mukagule limodzi kapena akupatseni lisiti ya kushopu, ndipo chilichonse chomwe achotsa akuikireni mubuti muzipita nacho.